Ana akufuna sinowo: tipite liti ku mapiri a ku Lesotho?

Bambo a Tadala: Moni nonse a pa gulu. Pepani lero ndabwera ndi nkhani yosakhudza maliro kapena msonkhemsonkhe. Chigwereni sinowo kuno ku Joni pa 10 Julayi 2023, mwana wanga wamkazi sandipumitsa. Tsiku limenelo anakokola pang'ono pa galasi la galimoto, n'kuika m'kapu, n'kubisa mufiriji. Mayi ake anataya osadziwa, ndipo pakhomo panali maliro masiku awiri. Chaka chino ndalonjeza kuti tipita ku Afriski, malo otsetserekera pa sinowo ku Lesotho, sukulu zikatsekera. Ndiye odziwa ndithandizeni: nyengo yozizira ya chaka chino ikhala yotani kumapiriko? Sabata iti ya Julayi imene kudzagwe sinowo? Ndikufuna ndilipiriretu malo ogona asanadzaze.

Mayi a Chisomo: Achimwene, tinathawa chisanu cha ku Dedza kuti tidzalipire ndalama kukafuna chisanu china? Koma ndalama zikamavuta kusunga bwerani nazo kuno.

Wa ku Chitakale: Kkkk amayi asiyeni, mwana akalira nyanga ya nsatsi msemere.

Aphunzitsi a ku Pretoria: Bambo a Tadala, funso lanu lili pawiri, ndipo mbali imodzi palibe munthu pansi pano angakuyankheni. Sabata yeniyeni imene sinowo adzagwe m'Julayi, tili m'Meyi muno, sadziwa ngakhale a South African Weather Service. Iwo mwezi uliwonse amatulutsa ulosi wa miyezi ingapo yakutsogolo, koma umangonena kuti mwina mvula idzachuluka kapena kuchepa poyerekeza ndi zaka zonse, mwina usiku kudzazizira kapena kufunda kuposa masiku onse. Umakamba za miyezi itatu pamodzi. Nyengo ikhoza kukhala yofundirako yonse, koma m'kati mwakemo n'kubwera masiku awiri oti msewu n'kutsekeka. Ulosi woti munthu n'kuudalira pa nkhani ya sinowo ndi wa masiku atatu kapena asanu. Kupitirira sabata, zomwe mumaona pa foni zija ndi maula.

Bambo a Tadala: Nanga zija amati El Niño ndi La Niña, Aphunzitsi? Ndimayesa ndi zimene zimalamula zonse.

Aphunzitsi a ku Pretoria: Zimenezo zimaluma kwambiri pa mvula ya dzinja, ija timadzalira chimanga. N'chifukwa chake tonse tinazidziwa mu 2024 mbewu zitapserera kumudzi. Koma Juni, Julayi ndi Ogasiti kuno kumtunda, Gauteng, Free State ndi Lesotho yemwe, ndi miyezi youma. Masiku ambiri kumwamba kumakhala mbee, dzuwa lili phwee, usiku n'kumazizira koopsa. Kuzizira kokha sikugwetsa sinowo, pamafunikanso chinyezi. Chinyezicho chimabwera ndi cold front, mphepo yozizira yochokera kunyanja kumwera chakumadzulo, imene imayamba kumenya Cape Town kenako n'kukwera chakuno. Ikafika ku Cape lero, ku mapiri a Maloti a ku Lesotho imamveka mawa kapena mkuja. Zambiri zimadutsa m'munsi, kutisiyira mphepo yokha. Imene imagwetsa sinowo wambiri ndi ija amati cut-off low, pamene chigawo cha mpweya wozizira chaduka kumwambako n'kumazungulira malo amodzi, chikukoka chinyezi cha ku Indian Ocean. Imeneyo si yoisekerera ayi. Mu Juni 2025 inagwetsa sinowo m'mapiri, koma yomweyonso inasefukiritsa madzi ku Mthatha, anthu oposa 100 n'kutisiya.

Wa ku Chitakale: Aphunzitsi, kodi si yomweyo imene kwathu timati chiperoni?

Aphunzitsi a ku Pretoria: Ndi pachibale. Front ikadutsa, kumbuyo kwake kumatsatira mpweya wolemera umene umakankha mphepo yonyowa ya kunyanja kulowa kumtunda kudzera ku Mozambique. Ikafika ku Thyolo ndi ku Mulanje ndiye nkhungu ndi kamvula kowaza kaja. Dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique komweko. Mukamva kuti ku Drakensberg kwayera, dikirani masiku angapo muimbire agogo, mumva akuti tayatsa moto masana.

Nachisale: Ine ndinapitako ndi anzanga a kuntchito, ndiye ndikuuzeni zimene ndinaona ndi maso, chifukwa zithunzi za pa Facebook zimanama. Tikukwera phiri lonse lija kunja kunali kwa bulawuni, udzu wouma ngati ku Nyika mwezi wa Ogasiti. Ndinayamba kudandaula za petulo wanga. Kenako titakhota, uko kamzere koyera kotsika phiri, ngati munthu wayanika chinsalu chachitali pa chulu. Ndi pomwepo. Kutalika kwake pafupifupi kilomita imodzi. Sinowo wa pamenepo ambiri ndi wopanga ndi makina: amapopa madzi usiku, n'kuwauluza m'mwamba ngati utsi, amaundana asanafike pansi. Ndiye ngati cholinga n'choti Tadala atsetsereke ndi kuumba kachidole, simukufunika kudikira mitambo. Amatsegula m'Juni mpaka kumapeto kwa Ogasiti.

Aphunzitsi a ku Pretoria: Achemwali anena zoona, ndipo apa ndi pamene ulosi wa miyezi uja uli ndi ntchito pang'ono. Makinawo amafuna usiku wozizira, madigiri awiri kapena kuposerapo kunsi kwa ziro, ndi mpweya wouma. Chaka chimene usiku ukufunda, amachedwa kudzaza njira yonse. N'chifukwa chake ine ndingasankhe Julayi kusiyana ndi masiku oyambirira a Juni kapena othera a Ogasiti, pamene masana sinowo amasanduka phala.

Bambo a Tadala: Koma inetu ndimafuna mwana aone akugwa kuchokera kumwamba, ngati tsiku lija. Wa makina ndi wofanana bwanji ndi wa mufiriji?

Ankolo a Thiraki: Mphwanga, walira mvula walira matope. Ine ndakhala pa msewu wa N3 zaka khumi ndi ziwiri, Durban Joni, Joni Durban. Usiku wa pa 20 Sepitembala 2024 ndinali pa Van Reenen, pamene msewuwu umadutsa m'mapiri. Sepitembala, osati Julayi, anthu atasunga kale majekete m'masutikesi. Unayamba ngati ufa wouluka pa chigayo, ife n'kumajambula, kumaseka. Pofika pakati pa usiku palibe galimoto inkasuntha, kutsogolo mzere, kumbuyo mzere, magetsi okhaokha mpaka kumene maso alekezera. M'mawa chitseko changa chinakana kutseguka, ndinachita kuchimenya ndi phewa. Ine ndinali ndi mabulangete awiri, buledi ndi fulasiki. Kutsogolo kwanga kunali kagalimoto kakang'ono, bambo, mayi ndi ana awiri, atavala zoyendera ku ukwati. Ndinawatengera ana aja m'thiraki mwanga. Kamnyamata kanali katasiya n'kulira komwe, kakungoyang'ana. Tinamva pambuyo pake kuti mayi wina amene anali mu minibasi anamwalira ndi kuzizira. Ndiye ukamapempha kuti sinowo akugwere uli pa msewu wa kumapiri, dziwa chimene ukupempha. Van Reenen ndi msewu waukulu, wa phula labwino, apolisi ndi asilikali pafupi. Moteng Pass, msewu wa m'phiri wopita ku Afriski, si choncho.

Nachisale: Ankolo, nkhani imeneyi simunatiuzepo chikhalire.

Ankolo a Thiraki: Sinkhani yokoma kuikamba, mwanawe.

Wa ku Chitakale: Pa za Moteng ndiwonjezere. Ine kumudzi ndinkanyamula katundu wa alendo pa phiri la Mulanje, Likhubula mpaka Chambe, Lichenya, Sapitwa ndakwerako kosawerengeka. Pano ndimagwira ntchito pa loji ina kufupi ndi Clarens, ndiye alendo opita ku Afriski amadutsa m'manja mwathu. Njira yake mukachoka ku Joni ndi ya ku Bethlehem, Fouriesburg, boda ya Caledonspoort, kenako Butha-Buthe, n'kutenga msewu wa A1. Onse pamodzi maola anayi ndi theka kapena asanu, ngati pa boda palibe mzere. Msewu ndi wa phula, koma ukayamba kukwera Moteng umapindika ngati njoka yomenyedwa, mpaka mamita oposa 2,800. Mumakumananso ndi mathiraki opita ku mgodi wa dayamondi wa Letšeng. Choopsa si sinowo amene mukumuona, ndi madzi oundana pa phula m'malo a mthunzi, ooneka ngati msewu wangonyowa. Mukaponda mabuleki pamenepo galimoto imasanduka bwato. Musakwere m'mamawa dzuwa lisanawombe msewu, musatsike kutada. Potsika gwiritsani giya yaikulu mphamvu, wani kapena thuu, osati phazi pa buleki njira yonse. Ndaonapo galimoto itafika m'munsi matayala akufuka.

Bambo a Tadala: Yanga ndi Polo. Ikwera?

Wa ku Chitakale: Tsiku louma ikwera bwinobwino, ambiri amapita ndi zing'onozing'ono zomwezo. Kukagwa sinowo ndiye iwalani, pamafunika 4x4 kapena matcheni a m'matayala, ndipo nthawi zina amangotseka msewu. Muonetsetse kuti mu rediyeta muli antifreeze, mankhwala oletsa madzi kuundana, osati madzi a pampopi monga timachitira kwathu. A dizilo nawonso m'mawa imavuta kulira. Thirani mafuta odzaza ku Fouriesburg kapena ku Butha-Buthe.

Ndipo chinthu china chimene chimandiseketsa: malo amene mukaimike galimoto ku Afriski ali pamwamba kuposa nsonga ya Sapitwa. Sapitwa ndi mamita 3,002, pamene pajapo ndi cha m'ma 3,050, ndipo Mahlasela Pass pafupi pomwepo ndi 3,222. Ife tinkatuluka thukuta masiku awiri kuti tifike pamene inu mukafike mutakhala pa mpando mukudya tchipisi.

Mlamu wa ku Glasgow: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Kuno ku Scotland anthu amatsetsereka pa Cairn Gorm, phiri la mamita 1,245 okha, lotsika kuposa Zomba. Ben Nevis amene amanyadira nayeyo ndi 1,345. Johannesburg yomwe ili pamwamba kuposa onsewa. Koma vuto lake ndi lomwelo alongosola Aphunzitsi: ulipira lero, tsiku lako likafika mphepo yakula, makina okwezera anthu pa phiri awazimitsa. Anzathu a kuno amaika zikwama pakhomo n'kumayang'ana ulosi Lachinayi usiku, ukakoma amanyamuka Loweruka.

Aphunzitsi a ku Pretoria: Alamu, mapiri anuwo ali kutali ndi equator, madigiri 57 kumpoto, ndiye phiri lalifupi likukwanirani. Lesotho ali pa 29 kumwera, Mulanje pa 16, n'chifukwa chake Sapitwa amangochita chisanu. Bambo a Tadala, kawerengedwe kophweka ndi aka: mukakwera mamita 1,000 kumazizirirako madigiri 6 kapena kuposa pang'ono. Joni ili pa 1,750. Ndiye chimene mukumva pakhomo panu m'mawa, chotsanipo madigiri ena 8, muonjezerepo mphepo. Musayang'ane ulosi wa Butha-Buthe kapena Maseru n'kumati ndi womwewo, amenewo ndi matauni a m'munsi. Fufuzani wa Oxbow, kufupi ndi Afriski, kapena wa Afriski weniweniyo, muonenso machenjezo a Lesotho Meteorological Services ndi a kuno, aja a mitundu, achikasu, a olenji ndi ofiira.

Nabanda wa ku Chipatala: Ndalowa mochedwa, ndinali pa naiti. Zanga ndi zitatu, ndinena mwachidule chifukwa tulo tandigwira. Kumtunda kotero mpweya ndi wochepa, mutu umawawa, ena amachita nseru, ana amanyong'onyeka. Ngati n'kotheka gonani usiku umodzi cha ku Clarens kapena Fouriesburg musanakwere, muzimwa madzi ambiri. Amene ali ndi BP, mphumu kapena sickle cell ayambe aonana ndi dokotala. Chachiwiri, dzuwa. Musanamizidwe kuti khungu lakuda silipsa, pa sinowo limakumenya kuchokera kumwamba ndi pansi pomwe, milomo imang'ambika, maso amatupa. Magalasi a dzuwa kwa aliyense, ndi ana omwe. Chachitatu ndi chimene chimandipweteka mtima chaka ndi chaka: mbaula m'nyumba yotseka. Anzathu kuno amati imbawula, ndi yomweyo. Utsi wake wakupha sununkha, munthu amangogona osadzukanso. Chimodzimodzi kugona m'galimoto injini ikulira pamene sinowo watseka paipi ya utsi.

Ankolo a Thiraki: Ndipo asamapatse munthu wozizidwa kachasu. Usiku uja ena ankayendetsa botolo ati kutenthetsa magazi.

Nabanda wa ku Chipatala: Mowa umakunamiza kuti wafunda pamene thupi likutaya kutentha. Munthu akasiya kunjenjemera koma akulankhula zosokonekera ndi kufuna kugona, ameneyo wafika poipa. Mvuleni zonyowa, mfunditseni, ngati akutha kumeza mpatseni tiyi wa shuga, thamangani naye kuchipatala. Ndapita ine.

Mayi a Chisomo: Nonse mwakamba za mitambo, za magiya, za mbaula. Palibe watchula chinthu chimene chingamusiye munthu kunja kwa dziko lino. Lesotho ndi dziko lina, abale. Ngakhale lazunguliridwa ndi South Africa mbali zonse, ngakhale randi imagwira ntchito kumeneko mofanana ndi ndalama yawo ya loti, pa Caledonspoort pali boda yeniyeni, amadinda pasipoti potuluka ndi polowa. Ngati masiku anu okhala mu South Africa anatha, kapena pemiti inafa, tsiku limene mwapereka pasipoti pa windo paja ndi limene akulembeni kuti ndinu wosafunika. Kupitirira ndi masiku osaposa 30, chaka chimodzi osalowanso. Kuposa apo, zaka zisanu. Ndiye taganizani, katundu ali ku Tembisa, ntchito Lolemba, inu muli tsidya lina la mtsinje ndi ana atavala magolovesi. Sindikunena munthu, ndikungonena.

Adimini: Amayi anena mfundo yaikulu. Ndipo pasapezeke wina wolemba pano za momwe mapepala ake alili, gulu lino lili ndi anthu ambiri. Funsani kumbali.

Bambo a Tadala: Athu ali bwino, tinakonzetsa chaka chatha. Koma zikomo amayi, sindinaganizeko za mlamu wanga amene amafuna kutsagana nafe.

Mayi a Chisomo: Mutengenso zikalata zobadwira za ana, ndipo ngati galimoto mukulipirabe ku banki mukatenge kalata yokulolani kutuluka nayo. Safunsa anadya phula.

Wa ku Chitakale: Kwa amene sangadumphe boda, musataye mtima. Sani Pass musaiwerengere, nayonso ndi boda, ya South Africa ili m'munsi mwa phiri ndipo salola galimoto yosakhala 4x4 kukwera. Tiffindell, ku Eastern Cape kufupi ndi Rhodes, kumene anthu ankatsetserekako kuyambira 1993, anatseka nthawi ya Covid mu 2020. Koma front yabwino ikadutsa, mukaima ku Clarens kapena ku Golden Gate mumaona mapiri a Maloti atayera mbuu, ndipo zaka zina amagwa mpaka m'tauni. Olimba miyendo amapita ku Witsieshoek, kupitirira Phuthaditjhaba, n'kuyenda wapansi kukakwera makwerero a unyolo mpaka pamwamba pa chiphompho cha Amphitheatre, kumene mathithi a Tugela amayambira. M'nyengo ino madzi ake amaundana. Koma kumeneko si kwa ana, ndipo makwererowo akachita chisanu amaterera ngati sopo. Lamulo lake ndi la ku Mulanje lomwe lija: nkhungu ikatseka, khala pansi, usayerekeze kuti njira ukuidziwa. Lembetsani m'buku pa geti kuti mwalowa, ndipo dzuwa limalowa isanakwane 6 koloko.

Kamnyamata ka ku Randburg: Ine funso langa n'losiyana. Kutsetserekako n'kovuta? Ndikufuna ndikajambulitse kavidiyo koti a kumudzi akaone.

Nachisale: Kkkk iwe, konzeka kujambulitsa ukugwa. Nsapato zake amabwereketsa pomwepo pamodzi ndi ma ski, timatabwa titalititali tomangirira kumapazi, ndipo nsapatozo ndi zolimba ngati waponda m'zidebe za simenti, kuyenda kwake ngati loboti. Mphunzitsi amayamba kukuphunzitsa kuima, nsonga za ma ski zikumane kutsogolo, zidendene zitalikirane. Ine ndinamva bwinobwino, koma nditangoyamba kutsika miyendo inaiwala zonse, ndinakathera mu ukonde wa m'mbali, chipewa uko, ndodo uko. Kamwana ka zaka ngati zisanu kanandidutsa kakundiyang'ana mwachisoni. Ndiye pali chokukokera kumtunda, chingwe chokhala ndi kamtengo kopingasa kamene umakoleka kumbuyo kwa ntchafu. Usakhalire! Ine ndinayesa mpando. Koma pofika masana ndinkatsika kamtunda ka ophunzira osagwa, ndipo kukoma kwake sindingakufotokozere. Kwa Tadala kuli timatabwa tokhalira ndi machubu, amenewo safuna maphunziro.

Osavala jinzi, ikanyowa imauma ngati chikumba. Valani zopyapyala zingapo mophatikiza, kunja jekete yosalowa madzi, masokosi osinthira. Ndipo m'njira mukaona abusa a ziweto atafunda mabulangete awo aja, nkhope yonse yophimba kusiya maso okha, musangowatosa ndi kamera ngati nyama za ku Liwonde. Apatseni moni, pemphani. Anyamata amenewo amagona kumapiri komweko nyengo yonse ife tikulira ndi maola atatu.

Mayi a Chisomo: Nanga mitengo yake, poti mukuibisa?

Nachisale: Imasintha chaka ndi chaka, aone okha pa intaneti. Ndingoti kugona pamwamba pomwepo nthawi ya holide ya sukulu kumaluma. Ife tinagona ku Fouriesburg, n'kulawira, n'kubwerako tsiku lomwelo.

Bambo a Tadala: Ndiye ndamva motere. Ndilipire malo a m'munsi cha pakati pa Julayi, oti n'kutheka kusintha tsiku. Ikatsala sabata ndiyambe kuyang'ana zimene zikuchitika ku Cape. Kukakhala bata, tikwera kukasewera pa wa makina. Front yaikulu ikamabwera, tidikira idutse.

Aphunzitsi a ku Pretoria: Mwakhoza. Ndipo mukachita mwayi, tsiku lachiwiri kapena lachitatu front itadutsa ndiye lokoma kuposa onse: kumwamba kwayera, msewu ausesa, koma mapiri onse akadali oyera mpaka kumene maso afika. Kuzizira kwake kokha ndiye kumakhala kwa mtima bii, chifukwa usiku wopanda mitambo wotsatira sinowo ndi umene umazizira kwambiri. Muimbire a pamalopo m'mawa musananyamuke, akuuzeni za msewu.

Ankolo a Thiraki: Ndipo m'buti muike mabulangete, madzi, buledi ndi tochi, ngakhale kutacha bwanji. Ndikamadutsa pa Harrismith sabata imeneyo ndizikuuzani mmene mapiri akuonekera, ulosi wanga ndi wa pa windo.

Bambo a Tadala: Zikomo ankolo, zikomo nonse. Ndamuuza Tadala kuti mwina sakaona akugwa kuchokera kumwamba. Wandifunsa ngati wa makinayo amaloledwa kutengako.

Mayi a Chisomo: Muwauziretu mayi ake za kapu ya mufiriji ulendo uno. Magolovesi a Chisomo anamuchepera, ali bwinobwino, mudzatenge Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi.

Kamnyamata ka ku Randburg: Mu Polo muja mpando wa mlamu uja watsala eti?